Ena akunenepa, ena akadali oonda: mafunso ndi mayankho pa za matupi a Amalawi

Khalani pa benchi la ku sikelo m'mawa umodzi, pa chipatala chaching'ono chilichonse, muona zimene agogo athu sanazizolowere. Mayi wathupi ndithu, chitenje chikuchita kuperewera m'chiuno, koma mwana amene wam'bereka kumbuyo ali ndi zaka ziwiri msinkhu ngati wa chaka chimodzi. Mwanayo amukweza pa sikelo, amuyeza mkono, alemba m'kabuku. Mayiyo anyamula mwana wake n'kumapita, wopanda womuyeza. Mafunso ali m'munsimu ndi amene anthu amafunsa nkhaniyi ikayambika.

Kodi n'zoona kuti Amalawi akunenepa? Si dziko la njala lino?

Zonse ziwiri n'zoona. M'mwezi wa March 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agweredwa tsoka chifukwa cha ng'amba ya El Niño, patangotha chaka chimodzi namondwe wa Freddy atakokolola minda ndi midzi kuchigawo cha kummwera. Njala sinachoke. Koma kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba imachita m'dziko lonse, wotchedwa DHS, akuonetsa kuti mu 1992 amayi 10 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 ndiwo anali onenepa kupitirira muyezo. Mu 2010 anafika 17. Mu 2015 ndi 2016 anali 21 pa 100. Zaka zosakwana 25, chiwerengero chawirikiza kawiri.

M'tauni ndiye zafika pena. Kafukufuku yemweyo wa 2015 ndi 2016 anapeza amayi 36 pa 100 a m'tauni ali onenepa mopitirira, pomwe kumudzi anali 17. Koma musafulumire kunena kuti ndi nkhani ya ku Area 47 ndi ku Namiwawa basi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi 16 okha pa 100 ndiwo amakhala m'tauni. Ndiye kuti mukawerenga mitu ya anthu, amayi onenepa ambiri ali kumudzi.

Nanga oonda achepa?

Achepa, koma pang'ono chabe. Amayi oonda kupitirira muyezo anali 9 pa 100 mu 1992, ndipo mu 2015 ndi 2016 anali 7. Kunenepa kwathamanga, kuonda kukungokwawa.

Kwa ana osakwana zaka zisanu kusintha kulipo koonekera. Kupinimbira, kutanthauza kufupika mosagwirizana ndi zaka, kunali pa ana 55 pa 100 mu 1992, kunatsika kufika 47 mu 2010, kenako 37 mu 2015 ndi 2016. Tiyamike, komabe mwana mmodzi mwa atatu alionse ndi wopinimbira, ndipo ichi si chinthu chochiseka. Ana onyentchera, oonda mosagwirizana ndi kutalika kwawo, anali 3 pa 100, ndipo opepuka mosagwirizana ndi zaka anali 12 pa 100.

Amadziwa bwanji kuti uyu wanenepa mopitirira? Si maso a munthu okha?

Kwa akuluakulu amagwiritsa ntchito nambala yotchedwa BMI. Mumatenga kulemera kwanu m'makilogalamu n'kugawa ndi kutalika kwanu m'mamita kochulukitsidwa ndi iko komwe. Mayi wotalika mamita 1.60 wolemera makilogalamu 70: 1.60 kuchulukitsa ndi 1.60 ndi 2.56, ndipo 70 kugawa ndi 2.56 ndi 27.3. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati nambala ikatsika pansi pa 18.5 munthu waonda mopitirira, kuyambira 18.5 mpaka 24.9 ali bwino. Kuyambira 25 wapitirira muyezo. Ikafika 30 ndiye kunenepa kwafika pokhala matenda pakokha. Choncho mayi wa mamita 1.60 uja thupi lake loyenera lili pakati pa makilogalamu 48 ndi 63.

BMI ili ndi zofooka zake. Siisiyanitsa mafuta ndi minofu, moti mnyamata wonyamula matumba a simenti tsiku lonse akhoza kuoneka ngati wapitirira pomwe ndi nyama yolimba yokhayokha. Siigwiranso ntchito kwa mayi woyembekezera. N'chifukwa chake ine ndimakhulupirira chingwe kuposa sikelo. Dulani chingwe chofanana ndi kutalika kwanu, mupinde pakati, muzungulize pamimba cha pamwamba pang'ono pa mchombo. Ngati sichikumana, mafuta a pamimba achuluka, ndipo mafuta a pamimba ndiwo oopsa kuposa a m'ntchafu ndi m'mbuyo. Muyezo umenewu sufuna batire kapena ndalama.

Kwa ana a miyezi 6 mpaka 59 azaumoyo amayeza mkono ndi kalamba ka mitundu itatu kaja. Pansi pa masentimita 11.5 mpofiira, mwana wanyentchera kwambiri; pakati pa 11.5 ndi 12.5 mpachikasu.

Bwanji mukungokamba za amayi? Abambo sanenepa?

Amanenepa, koma osati mofanana. Kafukufuku wa DHS amayang'ana kwambiri amayi ndi ana, choncho za abambo timazipeza kwina. Pakati pa 2013 ndi 2016 bungwe lofufuza za matenda la MEIRU linayeza anthu akuluakulu pafupifupi 29,000 ku Karonga kumudzi ndi ku Area 25 mu Lilongwe. Mu Lilongwe, amayi 44 pa 100 anali opitirira muyezo, abambo 18. Ku Karonga, amayi 27, abambo 9. Kulikonse, amayi akuposa abambo kowirikiza kawiri n'kupitirira. Taonaninso apa: mayi wa kumudzi ku Karonga ali patsogolo pa bambo wa mumzinda wa Lilongwe.

Zifukwa zake sizosowa. Mimba iliyonse imasiya makilogalamu angapo, ndipo mimba zikatsatizana thupi silipeza mpata wobwerera. Mayi ndiye ali pamoto, amalawa, amamaliza zotsala za ana kuopa kutaya. Geni yambiri ya amayi m'tauni njokhala pansi, pa benchi la tomato, pa kaunjika, pa okala. Komanso, tinene zoona, mkazi akanenepa ulemu umapita kwa mwamuna wake: "akumusunga bwino."

Chasintha n'chiyani kwenikweni? Makolo athu ankadya nsima yomweyi.

Nsima njomweyo, koma zozungulira nsimayo zasintha, ndipo ntchito ya thupi yasinthanso.

Yambani ndi mafuta ophikira. Kale ndiwo zinali zotendera ndi nsinjiro, zofutsa, zowotcha, zowiritsa ndi chidulo. Lero ndiwo yopanda mafuta imaoneka ngati yaumphawi, ndipo ngakhale wosakwanitsa botolo amagula kapepala ka mafuta oyezera pa msika. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi mphamvu yoposa kawiri ya galamu imodzi ya ufa. Ndiye werengani: mandasi m'mawa, zigege kapena chipisi cha pa chiwaya masana, kanyenya madzulo. Chiwaya chimene zaka zapitazo unkachipeza pa depoti yokha, lero chili pa mphambano iliyonse ndi pa geti la sukulu.

Kenako shuga. Timalima tokha nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndipo tiyi wa Mmalawi sasewera. Masupuni atatu, anayi m'kapu imodzi, ndi buledi woyera kapena sikono. WHO imalangiza kuti shuga wothira asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu imene munthu amadya pa tsiku, kumene kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50, timasupuni ta tiyi 12. Botolo limodzi la theka la lita la zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi lamaliza kale mlingo wonsewo. Thobwa ndi maheu nazo masiku ano zimathiridwa shuga wochita kumata milomo.

Chachitatu ndi miyendo. Mtunda umene anthu ankayenda pansi tsiku ndi tsiku, lero akwera kabaza wa njinga yamoto. Chigayo chinalowa m'malo mwa mtondo ndi munsi. Mjigo ndi mpopi zafupikitsa ulendo wa kumadzi. Palibe wanzeru amene angafune kuti amayi abwerere kokonola chimanga mbandakucha, zimenezi ndi chitukuko chenicheni. Kungoti mtanda wa nsima sunachepe pamene ntchito inachepa. Tikudya ngati olima, tikukhala ngati alembi.

Ndipo pali mtengo wa zinthu. Ndalama ikavuta, choyamba kuchoka pa mbale ndi dzira, nsomba, nyemba ndi zipatso. Chotsala ndi ufa, mafuta, shuga ndi mchere, chifukwa ndizo zimakhutitsa pa mtengo wotsika. Munthu akhoza kunenepa ali mu umphawi weniweni.

Ndiye tisiye nsima?

Ayi. Funso ndi la ufa wake, kukula kwa mitanda, ndi zimene zili m'mbale inayo. Ufa woyera wadutsa pokonola ndi poviika, gaga ndi mtima wa chimanga zapita kwa nkhuku ndi nkhumba, kwatsala choyera chongokhutitsa. Mgaiwa, umene ena amaunyoza kuti ngwa kundende ndi ku sukulu zogonera, uli ndi zonse, ndipo umakhalitsa m'mimba. Mitanda iwiri ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera wambiri ndi usipa iposa mitanda inayi ya ufa woyera ndi kamsuzi ka mafuta.

Zimatheka bwanji kuti mayi wonenepa akhale ndi mwana wopinimbira m'nyumba imodzi? Ndiye kuti amam'mana chakudya?

Si kumana. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Thupi la munthu wamkulu linamaliza kukula, choncho mphamvu iliyonse yotsala limaisunga ngati mafuta. Thupi la mwana likumanga mafupa, magazi ndi ubongo, ndipo zomangira zake si ufa ndi shuga. Likufuna zanyama, zanyemba, zamasamba ndi zipatso, kuwonjezera pa zokhutitsa ndi zamafuta, magulu asanu ndi limodzi aja amene alangizi amaphunzitsa. Mbale imodzimodziyo ya nsima yambiri ndi ndiwo yochepa imanenepetsa mayi n'kupinimbiritsa mwana. Mimba ya mwana njaing'ono. Mukaidzaza ndi phala lamadzimadzi la ufa woyera, kapena kamba wa m'mapaketi ndi juwisi wosungunula, malo a dzira atha.

Manambala akuchitira umboni. Mu 2015 ndi 2016, ana 8 okha pa 100 a miyezi 6 mpaka 23 ndiwo ankadya zakudya zakasinthasintha mokwanira ndiponso kokwanira pa tsiku. Ana 63 pa 100 anali ochepa magazi, ndipo amayi 33 pa 100 chimodzimodzi. Mwa amayi ochepa magaziwo muli onenepa. Thupi lalikulu si umboni wakuti munthu akudya bwino.

Pali china chimene ambiri sachidziwa. Dokotala wa ku Britain David Barker anaonetsa m'zaka za m'ma 1980 kuti ana obadwa ochepa thupi amadzadwala kwambiri matenda a mtima akakula. Ku Netherlands, anthu amene anali m'mimba nthawi ya njala ya 1944 ndi 1945 anatsatiridwa kwa zaka zambiri, ndipo anapezeka kuti ankanenepa msanga ndi kuvutika ndi shuga kuposa anzawo. Thupi likakumana ndi njala lili m'mimba kapena lili lakhanda, limaphunzira kusunga chilichonse. Likadzapeza chakudya chambiri pambuyo pake, limasungabe. Tsono ganizirani za ife. Opitirira theka la ana a mu 1992 anali opinimbira, ndipo anawo lero ali m'zaka za m'ma 30. Obadwa m'njala ya 2002 akwatira ndi kukwatiwa. Ambiri a iwo asamukira m'tauni, kumene chiwaya chikuwadikira. Mwana wopinimbira wa dzulo ndiye wodwala shuga wa mawa, ndipo n'chifukwa chake nkhani ya masiku 1,000 oyamba, kuyambira pamene mayi waima mpaka mwana atakwanitsa zaka ziwiri, si nkhani ya ana okha.

Kupinimbira kumadyanso chuma cha dziko. Kafukufuku wa Cost of Hunger in Africa anawerengera kuti mu 2012 dziko la Malawi linataya K147 biliyoni, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a chuma chonse cha chaka chimenecho, chifukwa cha kuperewera kwa zakudya m'matupi a ana.

Koma kwathu kuno kunenepa ndi ulemu. "Mwanenepatu!" ndi moni wabwino. Mukufuna tizioneka ngati odwala?

Funso ili silopepuka, ndipo amene amaliyankha monyoza sanakhale m'dziko muno m'zaka za m'ma 1990. Nthawi imeneyo munthu akayamba kuonda, mudzi wonse unkanong'onezana. Dzina lakuti kaliwondewonde silinabwere mwangozi. Tinaika m'manda abale athu ataonda mpaka mafupa kuwerengeka, mankhwala a ARV asanayambe kuperekedwa ulere m'zipatala za boma mu 2004. M'badwo umene unaona zimenezo ukamaona thupi lodzaza umaona moyo. Onjezanipo chikumbumtima cha njala, kuyambira ya 1949 imene agogo amasimba, ndiye mumvetsa chifukwa chake mkamwini wonenepa amalandiridwa ndi nthungululu.

Vuto ndi lakuti mantha amenewa akutipititsa ku dzenje lina. Mayi amene adokotala amuuza kuti achepetse thupi chifukwa cha BP amaopa kuti apongozi ndi anzake a ku mpingo ayamba kumufunsa ngati akudwala kapena ngati banja lavuta. Ena amafika pogula mapiritsi ndi mankhwala amadzi onenepetsa kwa ogulitsa m'misika ndi pa WhatsApp. Ena mwa mankhwalawa ndi a gulu la ma steroid, amene amatupitsa nkhope ndi mimba, kukweza shuga ndi BP, ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi. Kumeneko si kunenepa, ndi kudzivulaza.

Ndinayamba kunenepa nditasintha ma ARV. Mnzanga akuti jakisoni wolera ndiye wamunenepetsa. N'zoona?

Zimachitika. Kuyambira 2019 dziko la Malawi linasamutsira anthu ambiri ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, amene amagwira bwino ntchito yopondereza kachilombo, ndipo kafukufuku wa ADVANCE amene anachitikira ku Johannesburg anaonetsa kuti ena, makamaka amayi, amawonjezera thupi akamamwa mankhwalawa. Jakisoni wa Depo nayenso amawonjezera thupi kwa amayi ena, osati onse. Musasiye mankhwala panokha. Kauzeni adokotala, akuyezeni kulemera, BP ndi shuga, ndipo pa za kulera njira zilipo zingapo zoti musankhe.

Ine ndine wonenepa koma sindimva kupweteka paliponse. Vuto lili pati?

Kuthamanga kwa magazi sikupweteka. Kafukufuku wa matenda osapatsirana wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka zedi a iwo sankadziwa. Odwala shuga anali pafupifupi 6 pa 100. Ambiri amadzadziwira ku chipatala, atagwa m'bafa mbali imodzi itafa, kapena chilonda cha kuphazi chitakana kupola, kapena impso zitaleka. Pamenepo pamudzi amayamba kufunafuna amene wamulodza. Kunenepa kumalemetsanso mawondo ndi msana, kumavutitsa pa uchembere, ndipo kumawonjezera chiopsezo cha khansa zina monga ya m'mawere mwa amayi osiya kusamba. Oonda nawonso asadzinamize: BP imagwira ndi owonda omwe, makamaka mchere ukachuluka. Mlingo wa WHO ndi wosapitirira magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, kuphatikiza wa mu usipa wouma ndi wa mu timatumba ta zokometsera ndiwo.

Mwana wanga ndi wonenepa bwino, masaya ali phwii. Ndiye kuti ali bwino?

Nthawi zambiri inde, makamaka khanda loyamwa bere lokha miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Koma chenjerani ndi kutupikana, kumene kumanamiza makolo ambiri. Dinikizani chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri a mwana kwa masekondi atatu. Pakatsala dzenje, amenewo ndi madzi, si mafuta, ndipo mwanayo apite kuchipatala lero lomwe, makamaka ngati tsitsi lasanduka lofiirira ndi lopyapyala ndipo sakufuna kudya. Kumeneko ndiko amapereka chiponde, kapena kumugoneka ku NRU, wodi ya ana operewera zakudya m'thupi, zikavuta. Chiponde ndi mankhwala a mwana wodwalayo, si chopaka pa buledi cha banja lonse.

Ana onenepa mopitirira aliponso, 5 pa 100 mu 2015 ndi 2016. Kwa a sukulu, yang'anani ndalama imene mumawapatsa m'mawa kuti ikuthera pa chiyani.

Ndikuonda popanda chifukwa. Ndingodya kwambiri?

Ayi, kayezetseni kaye. Kuonda kosadziwika bwino kukhoza kukhala TB, makamaka ngati pali chifuwa chosatha ndi thukuta la usiku. Kukhoza kukhala HIV, shuga amene wakwera kwambiri, khansa, kapena nkhawa. Shuga amaondetsa ngakhale munthu akudya kwambiri, ndipo amabwera ndi ludzu ndi kukodza pafupipafupi. Agogo okhala okha nawonso amaonda mwakachetechete, mano atatha, wowaphikira palibe, ndipo kafukufuku amene amathera pa zaka 49 sawawerenga.

Anzathu a maiko oyandikana nafe zili bwanji?

Ali panjira yomweyi, ena patsogolo. Ku Zambia amayi opitirira muyezo anali 23 pa 100 mu 2013 ndi 2014. Ku Zimbabwe anali 35 mu 2015. Ku South Africa mu 2016 anali 68 pa 100, abambo 31, pomwe ana 27 pa 100 anali opinimbirabe ngakhale dzikolo ndi lolemera kutiposa kutali. Boma la kumeneko linaika msonkho pa zakumwa za shuga mu April 2018. Amene muli ndi abale ku Joni mukudziwa mmene amabwerera pa Khirisimasi patatha zaka zitatu, ndipo tonse timawayamikira kuti kunja kwawayanja. Pa dziko lonse, WHO ikuti mu 2022 munthu mmodzi mwa asanu ndi atatu alionse anali wonenepa kofika pa matenda.

Ndilibe ndalama ya jimu kapena zakudya za m'mashopu akuluakulu. Ndiyambire pati?

Zofunikazo zili pa msika wa kwanu ndi kuseri kwa nyumba. Bonongwe, chisoso, luni, kholowa, chitambe, therere, nyemba, nandolo, nzama, bonya, mbatata yofiira m'kati, mapapaya, magwafa, masau, malambe. Zambiri mwa izi tinazisiya chifukwa cha manyazi, osati chifukwa cha mtengo. Chepetsani supuni imodzi ya shuga mu tiyi sabata ino, ina sabata yamawa, lilime limazolowera. Mafuta muziyeza ndi supuni m'malo mopendeketsa botolo. Wiritsani chinangwa ndi mbatata m'malo mokazinga. WHO imati mphindi 150 pa sabata zoyenda mwandawala n'zokwanira poyambira, ndiye kuti theka la ola masiku asanu. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike.

Mbale ya mwana ikhale yakeyake, kuti muone zimene wadya, ndipo dzira kapena nsomba zikachepa ayambe ndi iye ndi mayi woyembekezera, osati bambo. Phala lake likhale lolimba, la mgaiwa wosakaniza ndi nsinjiro kapena soya, ngati Likuni Phala.

Ndipo tsiku la sikelo likafika, mwana akatsika, pemphani azaumoyo kuti nanunso mukwere, akuyezeni ndi BP yomwe, alembe m'kabuku kanu. Bambo amene waperekeza asaime panja pa mtengo ndi njinga, alowe nayenso.